Wophunzira unamwino pa nthawi ya mliri: mafunso ndi mayankho pa za nkhawa, tulo ndi thanzi la m'maganizo

Mliri ukabuka, wophunzira unamwino amasanduka mleme: kwa mbalame sali, kwa mbewa salinso. Ku wodi amamuwerengera ngati dzanja lothandiza, ku koleji ndi mwana wa sukulu amene angauzidwe kuti alongedze katundu mawa m'mawa, kumudzi ndi "adokotala" oyenera kudziwa zonse. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira, makolo ndi aphunzitsi a ku wodi akhala akufunsa kuchokera nthawi ya Covid-19. Mayankho ake atsamira pa mfundo imodzi: maganizo anu muziwasamala momwe mumasamalira wodwala wa pa bedi. Muziwayeza, muzilemba zomwe mwapeza, zikakukulirani muzipita nazo kwa wodziwa.

Kodi m'Malawi muno munachitikadi m'bindikiro? Ena amati kunalibe.

Pa 20 Malichi 2020 boma la Peter Mutharika linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo sukulu, makoleji ndi mayunivesite zinatsekedwa kuyambira pa 23 Malichi, matendawa asanapezeke n'komwe mwa munthu aliyense kuno. Odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. M'bindikiro wa masiku 21 umene unayenera kuyamba pa 18 Epulo unaletsedwa ndi khoti kutatsala tsiku limodzi, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula. Misika, minibasi ndi misonkhano ya ndale zinapitirira, koma wophunzira anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu, mpaka sukulu zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono pa 7 Seputembala. Mu Januwale 2021 mliri unabweranso ndi ukali: nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, bwalo la Bingu ku Lilongwe linasanduka chipatala, sukulu n'kutsekedwanso masabata angapo.

Ku South Africa, kumene m'bindikiro wokhwima unayamba pa 27 Malichi 2020, anthu anavutika ndi kutsekeredwa m'nyumba. Kuno chovuta chinali china: dziko likuyenda, inu nokha mwaima, ndipo palibe amene akukuuzani tsiku lobwerera. Maganizo a munthu amapirira zowawa zimene akudziwa polekezera pake kusiyana ndi zimene sakudziwa kuti zitha liti. N'chifukwa chake ngakhale amene sanadwale kapena kufedwa anasowa tulo. Bungwe la WHO linayerekeza kuti m'chaka choyamba cha mliriwu matenda a nkhawa ndi kukhumudwa anakwera ndi 25 peresenti pa dziko lonse.

Ndingasiyanitse bwanji nkhawa wamba ndi matenda enieni?

Nkhawa wamba ili ndi mwini wake. Imabwera ndi mayeso, fizi kapena wodwala wina, ndipo chinthucho chikadutsa nayo imaphwa. Mumadyabe, mumasekabe nthabwala ikakhala yoseketsa. Matenda a kukhumudwa amadziwika ndi nthawi ndiponso kuwononga kwake: masabata awiri kapena kuposera, pafupifupi tsiku lililonse, mtima uli pansi kapena zimene munkakonda sizikukomanso, ndipo ntchito za tsiku zayamba kukukanikani. Kuno ambiri safika ndi mawu akuti "ndakhumudwa". Amati mutu ukulemera, mtima ukuthamanga, thupi lafooka, ndikuganiza kwambiri.

Chida chimene munachiona m'kalasi ya mental health chimagwiranso ntchito pa inu. PHQ-9, yoyezera kukhumudwa, ili ndi mafunso 9, lililonse limapatsidwa 0 mpaka 3, zonse pamodzi 27, ndipo inamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa m'zipatala za kuno. Mukapeza 5 mpaka 9, sinthani kagonedwe ndi kachitidwe ka tsiku, mudziyezenso pakatha masabata awiri. Kuyambira 10 kupita m'mwamba kaonaneni ndi wachipatala. Funso lomaliza, lofunsa za kuganiza zofa kapena kudzivulaza, likapeza nambala iliyonse yoposa 0, musadikire kuwonkhetsa: kaonaneni naye lero. GAD-7 ndi ya nkhawa, mafunso 7, zonse 21, malire ake ndi 10 omwewo. Zida ziwirizi zimangosefa, sizigamula matenda.

Cholakwika chofala kwa ophunzira ndi kudzipeza ndi matenda aliwonse amene awerenga sabata imeneyo, kapena kukana zonse poti "ndikuzidziwa izi". Cholakwika china ndi kuiwala thupi. Kuchepa magazi, malungo, mimba yoyambirira, matenda a chithokomiro ndi kudumpha chakudya zimabweretsa kufooka ndi kugunda kwa mtima kofanana ndi nkhawa. Yezetsani kuchuluka kwa magazi (Hb) ndi malungo musanagamule. Ngati mwabayidwa ndi singano ku wodi ndipo muli pa PEP, mankhwala oteteza ku HIV, dziwani kuti dolutegravir amene ali m'menemo amasowetsa tulo anthu ena. Funsani amene anakupatsani ngati mungamamwe m'mawa, koma osasiya masiku 28 asanakwane.

Njira yosavuta yodziyang'anira: kumapeto kwa kope lembani nambala zitatu tsiku lililonse, maola amene mwagona, kangati mwadya, ndi mmene mtima ulili kuyambira 0 mpaka 10. Pakatha masiku 14 muli ndi tchati, monga ya temperecha, ndipo simudaliranso kukumbukira, kumene kumanama munthu akakhumudwa.

Mtima ukugunda, ndikubanika, zala zachita dzanzi. Ndi matendawo kapena ndi mantha?

Mantha odzidzimutsa amafika pachimake mkati mwa mphindi 10 ndipo nthawi zambiri amaphwa pasanathe theka la ola. Kubanika kwa matenda a m'mapapo sikuphwa chomwecho: kumakula mukayenda, kumabwera ndi kutentha thupi kapena chifuwa. Ngati pali oximeter, kachipangizo koyezera okosijeni m'magazi, ikani pa chala chofunda chopanda penti wa zikhadabo, dikirani nambala ikhazikike. Munthu wa mantha amaonetsa 95 kupita m'mwamba. Ikatsika pansi pa 92, kapena pali kupweteka pachifuwa, kapena muli ndi mphumu, imeneyo si nkhani yopumira pakhomo. Ngati n'koyamba kukuchitikirani, kapimitseni ndithu.

Akakhala mantha, khalani pansi, dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani ndi pakamwa pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Kumeneko ndi kupuma ka 6 pa mphindi. Pitirizani mphindi 3 mpaka 5. Chimene chimatsitsa kugunda kwa mtima ndi kutulutsa kwautaliko. Ambiri amalakwitsa pomva kuti "pumirani mkati kwambiri": amakoka mpweya wambiri mofulumira, carbon dioxide m'magazi amatsika, dzanzi la m'zala ndi milomo limawonjezeka, chizungulire chimabwera, munthu n'kukhulupirira kuti akufadi. Musapumire m'pepala kapena m'jumbo. Ngati vutolo ndi la mapapo kapena mtima, mukhoza kudzipweteka.

Maganizo akamathamangabe, abwezeni pamene muli: tchulani zinthu 5 zimene mukuona, 4 zimene mukukhudza, 3 zimene mukumva m'makutu, 2 zonunkhira, 1 imene mukulawa. Ziyesereni tsiku lililonse muli bwino. Luso limene simunaliyesere ku skills lab, chipinda choyesereramo maluso, silibwera lokha pa emergency.

Chiyambire kutsekedwa kwa koleji ndimagona 2 koloko usiku, kudzuka 11. Ndikonze bwanji?

Yambirani ku kudzuka, osati ku kugona. Tulo sakakamizika, koma kudzuka kumatheka. Sankhani ola limodzi, tinene 6 koloko, mudzuke ola lomwelo masiku onse 7 ngakhale munagona mochedwa, ndipo tulukani panja kuwala kukuombeni mphindi 20 kapena 30. Masiku atatu oyamba mudzakhala ngati wodwala. Pofika sabata, thupi limayamba kufuna bedi msanga. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9.

Tiyi, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zisapitirire 2 koloko masana, chifukwa pakatha maola pafupifupi 5 theka la caffeine limakhala lidakali m'magazi. Kugona masana kusapose mphindi 30 ndipo kuchitike 3 koloko isanakwane. Mukakhala pa bedi mphindi 20 tulo osabwera, dzukani, khalani pa mpando ndi kuwala kochepa, bwererani zikope zikalemera. Kugubuduka pa bedi maola awiri kumaphunzitsa ubongo kuti bedi ndi malo oganizira. Pa chifukwa chomwecho musawerengere pa bedi. Ngati nyumba ndi yaing'ono, mphasa pa khonde ndiyo desiki.

Bando ya usiku ndi yotchipa, tikudziwa. Ikani zimene mukufuna pa intaneti kuti zitsike zokha, foni ikhale patali, mudzazione m'mawa.

Maganizo amene amakudikirani pa pilo apatseni nthawi yawo masana. Cha m'ma 5 koloko khalani ndi kope mphindi 15, lembani chilichonse chikukudetsani nkhawa, pambali pake chimene mungachite mawa kapena mawu akuti "si changa". Akabwera usiku, muli ndi powatumiza.

Kwa amene abwerera ku wodi: mukaweruka ntchito ya usiku yomaliza, gonani maola 3 kapena 4 okha, dzukani masana asanapendeke, kuti usiku umenewo mugone ndi anzanu.

Kunyumba sindingathe kuwerenga. Ntchito, phokoso, magetsi, bando. Nditani?

Makolo ambiri akaona mwana wabwera amati ali pa holide, ndipo wamkazi ndiye amasenza zambiri: madzi, nsima, ana, kumunda, wodwala wa pakhomo. Kukwiya mumtima sikusintha kanthu. Khalani nawo pansi, aonetseni ndandanda ya maphunziro, pemphani maola atatu odziwika, mwachitsanzo 8 mpaka 11 m'mawa, ndipo nenani ntchito zimene muzigwira nthawi inayo. Pempho la maola otchulidwa limamveka kusiyana ndi kungoti "ndikufuna kuwerenga".

Maola atatuwo agaweni: mphindi 45 kuwerenga, 10 kuimirira. Musayeze tsiku ndi maola amene mwakhala pa buku, yezani ndi chimene mwamaliza, monga kujambula partograph imodzi, tchati yolondolera kubereka, kuchokera pa nkhani ya mayi wongopeka, kapena kuwerengetsera madontho a dripi mafunso 10. Manotsi a PDF ndi mawu ojambulidwa amadya bando pang'ono kusiyana ndi kalasi ya vidiyo. Ngati netiweki ya kwanu siilola vidiyo, uzani mphunzitsi msanga ndi uthenga wolembedwa, osati asayimenti itadutsa kale. Gulu la anthu atatu kapena anayi limathandiza kuposa gulu la kalasi yonse, limene limadzaza ndi mphekesera za tsiku lotsegulira. Ndipo yendani: mphindi 30 mwandawala, masiku 5 pa sabata, n'zimene zimakwanitsa mphindi 150 zimene mumauza odwala a BP.

Logibuku yanga yaima, fizi ikudikira, mayeso a Khonsolo sindikudziwa. Ndikaganiza mutu umaima.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yeniyeni ya wophunzira unamwino, ndipo kupuma mwakuya sikuichotsa. Wa maphunziro ena akhoza kumaliza pa foni; inu simungabereketse mayi pa WhatsApp. Maola a ku wodi ndi maluso osainidwa m'logibuku, buku lolembamo zimene mwachita ku wodi, ndi amene amakufikitsani ku mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, kaya muli ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), ku Mzuzu University, ku Malawi College of Health Sciences kapena ku koleji ya mishoni ya pansi pa bungwe la CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje Mission. Mvula ikakuona litsiro sikata: nthawi yomweyo bizinesi ya amene amakulipirirani fizi imakhala itagwa.

Chimene chimathandiza ndi kuphwanya mulu. Lembani mavuto onse, lililonse pa mzere wake. Sankhani limodzi lokha, limene lili m'manja mwanu. Linenedwe mochepa: osati "ndilibe ndalama", koma "ndikufunika ndalama zakuti pofika tsiku lakuti". Lembani njira zonse zobwera m'mutu osazinyoza, kenako sankhani imodzi, tchulani tsiku ndi ola loichitira, pakatha sabata muone chatuluka. Umu ndi mmene uphungu wa Friendship Bench umayendera, umene unayambika ku Zimbabwe ndi dokotala wa maganizo Dixon Chibanda ndipo unafika m'zipatala zina za m'Malawi. Pamene anthu amagwa ndi posankha vuto lalikulu kwambiri, kapena limene si lawo, monga tsiku lotsegulira koleji.

Pa logibuku, werengani zimene zasainidwa ndi zimene zatsala, mulembe nambala zake. Kawirikawiri zotsala zimakhala zochepa kuposa mmene mantha amanenera. Musakagwire ntchito pa chipatala cha kwanu mwa inu nokha poganiza kuti ziwerengedwa: popanda chilolezo cha koleji ndi wokuyang'anirani wovomerezeka, sizilowa m'buku, ndipo china chikalakwika mulibe wokuimirani. Kusainitsa zimene simunachite ndiye msampha woipitsitsa. Nkhawa imachoka sabata imodzi, n'kudzabwera tsiku limene muli nokha ndi mayi wotaya magazi.

Atibweza ku wodi koma zodzitetezera n'zochepa. Kodi wophunzira angakane?

Wophunzira amagwira ntchito moyang'aniridwa, ndipo sayenera kutumidwa kwa wodwala matenda opatsirana popanda zovala zoyenera ndi maphunziro a kavalidwe kake. Mantha amenewa si ulesi. Mu Epulo 2020 anamwino ndi madokotala a m'zipatala za boma ananyanyala ntchito pofuna zodzitetezera ndi ndalama ya ukadziotche, ndipo amenewo anali anthu olembedwa kale ntchito. Kanani mwaulemu ndi motchula chinthu: "Asisita, ndilibe masiki yoyenera, ndingathandize mbali ina kufikira itapezeka?" Kenako dziwitsani mphunzitsi wa ku wodi tsiku lomwelo. Kungosowa pa ntchito osanena kumalembedwa ngati kujomba.

Nkhawa ya ku wodi imachepa manja akadziwa chochita. Anthu ambiri amadzipaka tizilombo povula, osati povala. Magulovesi ayambe, sambani m'manja, epuloni kapena gauni, sambaninso, zoteteza maso, masiki pomaliza pogwira zingwe zakumbuyo, sambaninso. Sanitayiza ndi masekondi 20 mpaka 30, sopo ndi madzi 40 mpaka 60. Yesererani ndi mnzanu wokuyang'anani mpaka zizichitika zokha. Ndipo idyani, imwani madzi, pitani kuchimbudzi musanavale; ludzu la maola 6 mkati mwa gauni limabweretsa mutu ndi kugunda kwa mtima kumene mudzakutcha nkhawa.

Ndikuopa kupatsira agogo ndi amayi. Anthu a m'dera nawo akunditalikira.

Khalani ndi mwambo umodzi wofikira pakhomo, wa mphindi 15, ndipo ukatha, watha. Nsapato za ku wodi zitsale panja. Yunifomu ilowe m'ndowa ya madzi a sopo, iume pa dzuwa, isitidwe. Pukutani foni, sambani thupi lonse. Popukuta zogwirira zitseko ndi matebulo, klorini wa 0.1 peresenti akwana: ngati bulichi wanu walembedwa 3.5 peresenti, kapu imodzi pa makapu 34 a madzi. Wa 0.5 peresenti, kapu imodzi pa makapu 6, ndi wa pamene patayikira magazi. Osasamba klorini, osadzipopera. Ngati pakhomo pali okalamba kapena a shuga ndi BP, gonani chipinda china ngati chilipo, tsegulani mawindo, chezerani panja. Katemera akapezeka bayitsani. Pamene wa AstraZeneca anafika mu Malichi 2021, a zaumoyo anali m'gulu loyamba.

Ngati mwayamba kusamba m'manja mpaka khungu kung'ambika, kubwereza mwambowo kawiri katatu, kapena kukana kudya ndi abale ngakhale muli bwino, nkhawa yadutsa malire a ukhondo ndipo ikufunika uphungu.

Za kusalidwa: anthu amathawa yunifomu chifukwa cha mantha, osati chidani. Valani zovala wamba pa msewu, yunifomu mukavalire ku chipatala. Fotokozerani munthu mmodzi womveredwa, mfumu, mkulu wa mpingo kapena mwini nyumba, zimene mumachita pofika pakhomo. Kutsutsana ndi gulu pa mjigo sikupindula.

Wodwala anamwalira m'manja mwanga ndipo nkhope yake sikundichoka.

Masiku oyamba, kulota, kudzidzimuka, kusafuna chakudya ndi kubwereza m'mutu zimene zinachitika n'zachibadwa, ndipo kwa ambiri zimaphwa pakatha masabata ochepa. Nthawi ya Covid-19 zinalemera kawiri: okosijeni ankachepa, odikirira odwala sankaloledwa m'mawodi ena, choncho wophunzira ndiye anali nkhope yomaliza imene wodwala anaona. Kumudzi nako maliro anafupikitsidwa, anthu ochepa, osaona nkhope, osagona pa siwa, chisoni n'kusowa potulukira.

Funso limene limadya munthu ndi lakuti "ndikadachita chakuti". Musaliyankhe nokha usiku. Pemphani namwino kapena dokotala amene analipo kuti mudutse naye m'fayilo: wodwala anafika bwanji, panali zipangizo ziti, udindo wanu unali uti. Nthawi zambiri mudzaona kuti munadzisenzetsa chigamulo chimene sichinali chanu. Ngati munalakwitsadi, kuzinena kwa wokuyang'anirani kumapepuka kuposa kuzisunga. Koma wina asakukakamizeni kufotokoza zonse pagulu tsiku lomwelo. Kukakamiza kotere sikuteteza munthu, ndipo ena kumawawonjezera ululu.

Pakatha mwezi zithunzi zikubwerabe ngati zikuchitika pompano, mukuzemba wodi kapena bedi lija, simugona, pitani kwa wa mental health. Zimenezi zili ndi chithandizo chake.

Kodi kumwa diazepam pang'ono kapena piriton kuti ndigone n'kolakwika? Mlingo ndikuudziwa.

Kudziwa mlingo ndiye ngozi yake. Diazepam akamwedwa tsiku ndi tsiku, thupi limamuzolowera pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo mukasiya, kusowa tulo ndi nkhawa zimabwera zoposa poyamba. Amafooketsanso kukumbukira, chinthu chimene wophunzira akuchifuna, ndipo akakumana ndi mowa amatsitsa kupuma. Piriton amasiya kugonetsa pakatha masiku ochepa, n'kukusiyirani mutu wolemera m'mawa. Amitriptyline, mankhwala a kukhumudwa amene amagonetsanso, ndi woopsa ku mtima akachuluka, sayenera kusungidwa mwachisawawa m'chipinda cha munthu wokhumudwa. Kutenga mankhwala pa trolley ya wodi ndi mlandu umene ungathetse maphunziro anu.

Wachipatala akakulemberani mankhwala a kukhumudwa monga fluoxetine, dziwani kuti amayamba kumveka pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo sabata yoyamba akhoza kubweretsa nseru ndi kusakhazikika. Ambiri amasiyira pomwepo, kapena amasiya atangopeza bwino. Amayenera kupitirira miyezi yosachepera 6 mutachira, nthawi zambiri 9 mpaka 12, ndipo kusiya kwake n'kokambirana ndi amene anakulemberani.

Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo ta m'bandakucha. Chamba chimakulitsa mantha ndipo ena chimawasokoneza mutu. Kubetcha pa foni kuti mupeze fizi tikuyike m'gulu lomweli.

Mnzanga wasiya kuyankha mauthenga, ndipo ananenapo kuti "bola kungofa". Ndichite chiyani?

Muimbireni, musalembe uthenga. Ngati ali pafupi, pitani. Yambani ndi zimene mwaona: "Achimwene, masiku ano mwasowa pa gulu, ndipo mawu munanena aja sanandichoke." Kenako khalani chete, mumvere. Musathamangire kulangiza, ndipo mawu akuti "limba mtima, ndiwe mwamuna" kapena "ena akuvutika kuposa iwe" amatseka pakamwa. Ziwerengero za apolisi m'Malawi zimaonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri odzipha ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a chibwenzi kapena banja zimatchulidwa kawirikawiri.

Funsani mosazungulira: "Kodi mukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikudzala ganizolo, kumapatsa munthu mpata woti atule. Akavomera, funsani ngati waganiza njira, ngati ali nazo zochitira, ngati waika tsiku, ngati anayesapo kale. Yankho la inde pa lililonse la amenewa ndi emergency. Asatsale yekha. Mankhwala a m'nyumba, a m'munda, ophera makoswe ndi anankafumbwe achotsedwe, asungidwe ndi munthu wina. Uzani wachibale wamkulu kapena woyang'anira ophunzira, mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Musalonjeze kusunga chinsinsi pa nkhani imeneyi. Muuzeni poyera kuti muuza wakuti chifukwa mukufuna akhale moyo. Akhoza kukwiya. Zimenezo zimakonzeka.

Samalani ndi munthu amene anali wokhumudwa kwambiri kenako mwadzidzidzi wadekha, akugawa katundu wake, akutsanzika. Ndipo inu musakhale mlangizi wake yekhayo. Ndinu mnzake, simuli chipatala.

Kodi pemphero silokwanira?

Pemphero, kwaya, Swala ndi kucheza ndi a mpingo kapena a ku mzikiti zimagwira anthu ambiri, ndipo kutsekedwa kapena kuchepetsedwa kwa mapemphero kunali gawo la vuto lenilenilo. Pitirizani. Koma simuuza mayi wa BP yokwera kuti asiye mankhwala poti wapemphera. Mtsogoleri wa chipembedzo akakuuzani kuti kukhumudwa ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, kapena kuti mutaye mapilitsi, funsani wina.

Achibale amanditumizira mauthenga a mankhwala azitsamba ndi mphekesera za katemera kuti nditsimikize. Zikunditopetsa.

Simuli ofesi ya unduna. Konzani yankho limodzi la onse: "Jinja, mandimu ndi kufukiza bulugamu zikhoza kufewetsa pakhosi koma sizipha kachilombo, mukabanika pitani ku chipatala, kapena imbani ku Chipatala cha pa Foni." Nthunzi yotentha imawotcha, makamaka ana, zimenezo muzinena. Nkhani za mliri muzione kawiri pa tsiku, mphindi 15, kuchokera ku Unduna wa Zaumoyo kapena wailesi, osati musanagone. Magulu olengeza maliro okhaokha atsekeni mawu. Zithunzi ndi nkhani za odwala a ku wodi zisapite pa status kapena pa Facebook ngakhale mtima utalemera chotani.

Thandizo ndingalipeze kuti, ndipo sizidzandiwonongera mbiri ya ntchito?

Poyambira ndi pafupi: woyang'anira ophunzira, mlangizi kapena abusa a pa koleji, kapena mphunzitsi wa mental health. Pa zipatala za maboma pamakhala anamwino kapena makiliniko ofesala a matenda a maganizo, ndipo mukhoza kuwafunsa ku OPD. Ku Blantyre kuli kiliniki ku Queen Elizabeth, ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli St John of God. Kupita kumeneko sikutanthauza kugonekedwa. Ochuluka amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Manyazi a wophunzira ndi akuti amene akamuone ndi amene anamuphunzitsa, kapena adzakhala naye pa alokeshoni, nthawi yophunzira ntchito ku wodi. Muli ndi ufulu wa chinsinsi monga wodwala aliyense, ndipo mukhoza kupempha kuonedwa ndi wina kapena pa chipatala china. Tengani tchati ya masiku 14 ija ndi nambala ya PHQ-9, kuti mphindi zochepa zimene muli nazo zisathere pa kufunafuna mawu. Chimene chimawononga mbiri kawirikawiri si kulandira chithandizo, koma zotsatira za kusalandira: kujomba, kulakwitsa mlingo chifukwa chosagona, kufika ku wodi mukununkha mowa. Ngati mukufunika kupuma maphunziro, pemphani ndi kalata ya chipatala mayeso asanafike, osati mutalephera kale.

Covid-19 inapita. Zimenezi zikutikhudzanso?

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi ya dziko lonse, koma pofika nthawiyo kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anali atachedwetsa kale kutsegulira sukulu za pulayimale ndi sekondale ku Blantyre ndi ku Lilongwe mu Januwale 2023, ndipo namondwe wa Freddy anali atadzaza zipatala za kum'mwera mu Malichi. Kutsekedwa kwina kudzabwera ndi chidziwitso cha masiku awiri kapena atatu, monga kwa 2020.

Zokonzeratu n'zochepa. Jambulani masamba osainidwa a logibuku kumapeto kwa alokeshoni iliyonse, musunge pa imelo. Sainitsani luso tsiku limene mwalichita, chifukwa sisita amene anakuonani akhoza kusamutsidwa. Manotsi a temu yonse akhale mu foni kapena pa flash. Gwirizanani anthu atatu amene muziimbirana tsiku lodziwika pa sabata, ndipo aliyense akhale ndi nambala ya wachibale wa mnzake. Ngati muli pa mankhwala a nthawi yaitali, a maganizo, a khunyu, a mphumu kapena ma ARV, funsani kalata yokatengera ku chipatala cha kwanu musanakwere basi.

Kwa aphunzitsi: uthenga wa tsiku lodziwika sabata iliyonse, ngakhale wongonena kuti palibe chatsopano, umachepetsa mphekesera kuposa kalata yaitali ya kamodzi pa mwezi. Wophunzira amene sanatumize asayimenti ziwiri zotsatizana ayambe waimbiridwa foni asanalembedwe 0.